Kodi madalaivala amaimvera nambala ya pachikwangwani?

Ana inu a ku Mbayani, Chemusa ndi Chirimba, msewu waukulu wodutsa kwanuko si wanu nokha ayi. Umachokera m'tauni ya Blantyre, kudutsa pamsika wanu, kukafika pa raundabauti ya Kameza, n'kupitirira ku Lunzu mpaka ku Zalewa. Basi yopita ku Lilongwe imadzera momwemo. Thiraki yolunjika kuchipata cha Mwanza imadzeranso momwemo. Onjezeranipo maminibasi, masiyenta, akabaza a njinga zamoto, abambo okankha njinga zodzaza matumba a makala, amayi osenza madengu a tomato, ndi inuyo amene mumawoloka m'mawa uliwonse mutavala yunifolomu. Onsewa akugawana msewu umodzi, koma wina ali wapansi ndi thupi lake lokha, pamene wina wakhala mkati mwa chitsulo cholemera matani angapo.

N'chifukwa chake m'mbali mwa misewu amazikamo chikwangwani chozungulira, choyera pakati, chofiira m'mphepete, cholembedwa nambala yakuda. M'matauni ndi pamalo ochitira malonda nambalayo imakonda kukhala 50 kapena 60. Mukatuluka m'tauni mumayamba kuona 80, penanso 100. Nambalayo ikunena makilomita amene galimoto siyenera kupyola pa ola limodzi. Ikakhala 50, dalaivala atha kuyenda pa 20, pa 35, ngakhale pa 50 penipeni, koma akangopyola pamenepo waphwanya lamulo. Si nambala yoti aliyense azilimbikira kuifika. Pa nthawi yoweruka, ana atadzaza mumsewu, 50 yemweyo ndi liwiro lonyanya, ndipo dalaivala wanzeru sadikira kuuzidwa.

Chikwangwanichi si cha ku Malawi kokha. Mutapita ku Chipata, ku Tete, ku Harare kapena ku Johannesburg mukachipeza chomwecho, chofiira m'mphepete ndi nambala pakati, chifukwa mayiko ambiri adagwirizana kuti zizindikiro zapamsewu zizifanana, kuti dalaivala wachilendo asamanamizire chilankhulo. Kuno kwathu nkhani zapamsewu zimayendera lamulo lotchedwa Road Traffic Act la 1997. Ziphaso zoyendetsera galimoto zimachokera ku nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoti ku Road Traffic, ndipo ogwira ophwanya lamulo ndi apolisi apamsewu aja ovala zipewa zoyera.

Nanga madalaivala amaimvera nambalayo? Ena amaimvera, ndipo tiwayamike. Koma ambiri amamvera wapolisi, osati chikwangwani. Tsiku limene apolisi aima m'mbali mwa msewu ndi kamera yoyezera liwiro, galimoto zonse zimafika mwaulemu ngati zikulowa m'tchalitchi. Mukayang'anitsitsa muona madalaivala akuphethirirana nyali masana dzuwa likuswa mtengo: ameneyo akuuza mnzake wochokera mbali inayo kuti kutsogoloku kuli apolisi, chepetsa. Akangodutsa pamalopo, phazi libwerera pa moto. Apolisi akachoka, chikwangwani chimatsala chokha, ndipo chilibe manja ogwirira munthu.

Chimawathamangitsa n'chiyani?

Tisafulumire kuwatcha onse oipa mtima. Dalaivala wa minibasi nthawi zambiri sakhala mwini wake wa galimotoyo. Madzulo aliwonse amayenera kukapereka kwa bwana ndalama zimene adagwirizana, kaya tsikulo anthu anakwera kaya ayi. Pamwamba pake pali mafuta, pali kondakitala, pali oitanira apasiteji, ndipo zotsalazo ndiye za ndiwo kunyumba kwake. Akaona minibasi inzake kutsogolo amadziwa kuti ikayamba kufika pasiteji itenga anthu onse. Ndiye amaponda moto kuti aipitirire. Wa kabaza nayenso amawerenga maulendo: akamutula msanga uyu, apeza wina. Ndipotu okwera ena, mwina amalume anu omwe, ndi amene amakuwa kumbuyo kuti, "Adalaivala, tapondani, tachedwa kuntchito!"

Palinso chinthu china chimene chimanyenga ngakhale dalaivala wabwino. Munthu amene wachokera ku Lilongwe wakhala akuyenda pa 80 kapena 100 kwa maola angapo. Thupi lake lazolowera. Akadutsa pa Kameza kulowa mumzinda n'kutsitsa kufika pa 70, amamva ngati galimoto ikukwawa, chonsecho akadali pamwamba pa lamulo. Galimoto zamakono nazonso sizichita phokoso: magalasi otseka, wailesi ikuimba, mpando wofewa, munthu sadziwa kuti akuuluka. Choona chimene chilipo ndi kamuvi ka sipidomita patsogolo pa chiwongolero, ndipo amene sakayang'ana amangoyendera maganizo.

Pena chikwangwanicho sichikhalapo n'komwe. Pali anthu amene amazula zikwangwani zapamsewu kukagulitsa kapena kukasula zinthu zina, n'kusiya chitsulo chili njo chopanda uthenga. Komabe ameneyo si mpata wothamangira. Aliyense amene adaphunzira kuyendetsa galimoto adauzidwa kuti pakati pa nyumba, misika ndi sukulu pali malire a liwiro ngakhale chikwangwani palibe. Okhawo amene lamulo limawalola kupyola ndi ngati ambulansi yothamangira kuchipatala ndi galimoto ya ozimitsa moto, ndipo iwowa amaliza sairini kuti aliyense adziwe.

Sekondi imodzi yokha

Tsopano tichite masamu pang'ono. Musathawe, ndi a Sitandade 6 basi. Kilomita imodzi ndi mamita 1,000, ndipo ola limodzi ndi masekondi 3,600. Galimoto yoyenda pa 50 imatha mamita 50,000 pa masekondi 3,600. Mukagawa mupeza mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Sekondi imodzi ndi kanthawi kongokwanira kutchula kuti "Chemusa, Chirimba". Mamita 14 ndi utali wa maminibasi atatu ataima mondondozana. Tchulani mayina awiriwo: galimoto ija yadutsa kale maminibasi atatu. Yoyenda pa 30 imatha mamita 8 pa sekondi, ya pa 60 imatha 17, ya pa 80 imatha 22.

Chifukwa chiyani tikulimbana ndi sekondi imodzi? Chifukwa galimoto siima pomwe dalaivala wakuonani. Maso ake amayamba aona, uthenga upite ku ubongo, ubongo uzindikire kuti uyu ndi mwana ndipo akulowa mumsewu, kenako ulamule phazi kuti lichoke pa moto lipite pa buleki. Kwa dalaivala amene ali tcheru, zonsezi zimatenga pafupifupi sekondi imodzi. Kwa amene watopa, amene akuyankha foni, amene akuwerengera kondakitala chenji, kapena amene walawa mowa, zimatenga nthawi yoposa pamenepo. Ndipo nthawi yonseyo galimoto ikuyenda ndi liwiro lake lonse, mabuleki asanakhudzidwe n'komwe.

Phazi likafika pa buleki, mpamene matayala amayamba kulimbana ndi tala. Apa ndiye pali chinsinsi chimene anthu ambiri, ngakhale akuluakulu, sachidziwa. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Galimoto yaing'ono ya mabuleki abwino, pa tala wouma, ikakhala pa 30 imafuna mamita pafupifupi 5 kuti iime. Pa 60 sifuna mamita 10, imafuna 20. Pa 50 imafuna 14, pa 80 imafuna 35. Tikaphatikiza ndi mamita aja a sekondi yoganizira, ya pa 30 imaima itayenda mamita 13, ya pa 50 itayenda 28, ya pa 60 itayenda 37, ndipo ya pa 80 imafuna mamita 57, kuposa theka la bwalo la mpira.

Tiyerekeze kuti minibasi yaima pasiteji ya Mbayani kutsitsa anthu. Mtsikana wa Sitandade 2 watsika, waona mnzake tsidya linalo, ndipo watulukira kutsogolo kwa minibasiyo akuthamanga. Ndi wamfupi, kotero dalaivala wa galimoto imene ikubwera m'mbuyo sanamuone mpaka atatsala mamita 15. Ngati galimotoyo ili pa 30, iima patatsala mamita 2. Dalaivala atulutsa mutu pawindo n'kukalipa, mtsikanayo athawa mtima uli phaphapha, madzulo akadya nsima kwawo. Ngati galimotoyo ili pa 50, mamita 14 atha phazi lisanafike pa buleki. Imugunda ndi liwiro pafupifupi lonse. Dalaivala ndi yemweyo, maso ndi omwewo, mabuleki ndi omwewo. Chasintha ndi nambala ya pa sipidomita yokha.

Ndipotu masamu onsewa tawerengera tsiku labwino. Mvula ikagwa, monga imachitira kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, tala amaterera ndipo mtunda woimira umatalika. Madzi akakokolola mchenga ndi miyala kuchokera m'zitunda n'kuzisiya pamsewu, matayala sagwira bwino. Matayala akutha sagwiranso bwino. Pamalo otsetsereka, ndipo Blantyre ndi mzinda wa zitunda, galimoto imakankhidwanso ndi kulemera kwake komwe. Thiraki yodzaza simenti kapena feteleza imafuna mtunda wautali kuposa kagalimoto kakang'ono. Mukaiona ikubwera, musayerekeze kupikisana nayo, ngakhale ikuoneka ngati ili patali. Galimoto yaikulu imanyenga maso, imaoneka ngati ikuyenda pang'onopang'ono pamene ikuthamanga.

Thupi la munthu limapirira zingati?

Pali njira yosavuta yomvetsera mphamvu ya kugunda. Kugundidwa ndi galimoto yoyenda pa 30 kumafanana ndi kugwa kuchokera pamtunda wa mamita atatu ndi theka, ngati padenga la nyumba. Munthu avulala, mwina athyoka mwendo, koma ambiri amapulumuka. Pa 50 zimafanana ndi kugwa kuchokera pa mamita 10. Pa 80 ndi mamita 25, kutalika kwa nyumba yosanjikiza kangapo ya m'tauni. Apa mutha kuona kuti pakati pa 30 ndi 50 pali kusiyana kwakukulu kuposa momwe manambalawo amamvekera.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe matenda kapena chinthu china chimene chimapha ambiri kuposa ngozi zimenezi. Limatinso munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto ya pa 65, mpata woti afa umakhala wochuluka kanayi ndi theka kuyerekeza ndi wogundidwa ndi ya pa 50. Kungowonjeza 15 chabe. Kuno ku Malawi, ambiri mwa amene amafa pamsewu sakhala mkati mwa galimoto ayi: amakhala oyenda pansi ndi okwera njinga. Madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene ovulala a m'Blantyre amathamangitsidwira, safunika kuuzidwa zimenezi, amaziona ndi maso.

Nanga wothamangayo amapindula chiyani? Tiwerengenso. Kilomita imodzi pa 50 imatenga masekondi 72. Pa 80 imatenga masekondi 45. Ndiye kuti amene wadutsa kilomita imodzi pakati pa msika ndi sukulu akuuluka wapulumutsa masekondi 27, osakwana ngakhale theka la mphindi. Ndipo akafika pasiteji yotsatira amaima mphindi zisanu, kondakitala akuitanira anthu, galimoto zonse zimene anazipitirira zija zikumudutsa. Akulu akale adati kuthamanga sikufika, ndipo pamenepa masamu akugwirizana nawo.

Munthu woyamba kugwidwa

Nkhani ya malire a liwiro ndi yakale kuposa galimoto zimene mumazidziwa. Ku England mu 1865 adakhazikitsa lamulo loti makina oyenda okha pamsewu, amene nthawiyo ankayendera nthunzi, asapyole mamailosi 2 pa ola m'tauni ndi mamailosi 4 kumudzi. Mamailosi 2 ndi makilomita atatu okha, liwiro lochepera la agogo opita kudimba. Ndiponso kutsogolo kwa makinawo kunkayenera kuyenda munthu wapansi atanyamula mbendera yofiira, kuchenjeza anthu ndi akavalo.

Mu Januwale 1896, bambo wina dzina lake Walter Arnold adadutsa m'kamudzi ka Paddock Wood pa mamailosi 8 pa ola, amene ndi makilomita pafupifupi 13. Wapolisi adamuthamangitsa pa njinga yakapalasa mpaka kumugwira, ndipo khoti lidamulipitsa chindapusa. Ameneyu ndi amene amakumbukiridwa ngati munthu woyamba kulipitsidwa chifukwa chothamangitsa galimoto. Mwina mukuseka, chifukwa wa kabaza wopalasa amaposa liwiro limenelo. Koma m'chaka chomwecho, mu Ogasiti, mayi wina dzina lake Bridget Driscoll adagundidwa ndi galimoto mumzinda wa London n'kumwalira, woyenda pansi woyamba kuphedwa ndi galimoto m'dzikolo.

Masiku ano wapolisi sangathamangitse galimoto pa njinga. Ali ndi kamera ija. Imagwira bwanji ntchito? Mudamvapo njinga yamoto kapena ambulansi ikamabwera, kulira kwake kumakhala kosongoka, koma ikangokudutsani kumasintha n'kukhala kwa besi. Ikamabwera, mafunde a phokoso amapanikizana; ikamapita, amatambasuka. Amene adafotokoza zimenezi ndi katswiri wa ku Austria, Christian Doppler, mu 1842. Kamera yamtundu wa radar imatumiza mafunde osaoneka ndi maso, mafundewo amagunda galimoto n'kubwerera, ndipo kachipangizoko kamayeza mmene apanikizirana. Akapanikizana kwambiri ndiye kuti galimoto ikuthamanga kwambiri. Makamera ena amatumiza kuwala kwa laser n'kuwerenga nthawi imene kwatenga kuti kubwerere. Choseketsa n'chakuti mmodzi mwa anthu amene adatchukitsa makamera oterewa, Maurice Gatsonides wa ku Netherlands, adali katswiri wa mipikisano ya galimoto. Adapanga chipangizo choti chizimuyeza iye mwini pofuna kuthamanga kwambiri, mapeto ake chidasanduka msampha wa othamanga onse.

Chimene chimamveredwa popanda wapolisi

Vuto la kamera ndi lakuti apolisi sangaime paliponse tsiku lonse. Mzinda wa Blantyre uli ndi misewu yambiri: wa Masauko Chipembere wopita ku Limbe, ya ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Machinjiri, ndipo paliponse pali sukulu. Ndiye akatswiri a misewu adaona kuti m'malo mopempha dalaivala kuti achepetse liwiro, kuli bwino kumanga msewu umene sumulola kuthamanga. Hampu ndiye chitsanzo chimene mumachidziwa. Dalaivala amene salabadira chikwangwani amachepetsa yekha akaona hampu, chifukwa akapanda kutero aononga galimoto yake ndipo okwera agunditsa mitu kudenga. Hampu sigona, sipita kunkhomaliro, ndipo palibe amene angaiphethirire nyali kapena kuipatsa ya fanta.

Ine ndimaona kuti pamaso pa sukulu iliyonse imene ili m'mbali mwa msewu waukulu, hampu imodzi yomangidwa bwino imaposa zikwangwani khumi. Koma ikhale yomangidwa bwino ndithu: yopakidwa penti yooneka usiku, yokhala ndi chenjezo patsogolo pake. Hampu yobisala, yakuda ngati tala yemweyo, imagwetsa akabaza n'kuyambitsa ngozi ina. Kwina amakweza malo owolokera aja a mizere yoyera, zebra crossing, kuti akhale hampu yomweyo, ndipo mwana akamawoloka amakhala pamwamba pang'ono, dalaivala n'kumuona msanga. Chinanso chofunika ndi kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa msewu. Pamene kanjirako palibe, kapena pamene pakhala mabenchi a malonda ndi maminibasi oimika, anthu amakakamizika kuyenda pa tala penipeni, ndipo mwaziona nokha pamsika nthawi yamadzulo.

Mayiko ambiri tsopano akutsitsa nambala ija kufika pa 30 m'malo amene galimoto zimasakanikirana ndi anthu. Mzinda wa Graz ku Austria udayamba mu 1992. Mu Febuluwale 2020, nduna za mayiko ambiri zidakumana ku Stockholm, likulu la Sweden, n'kugwirizana kuti 30 ndiye liwiro loyenera pamalo otero. Dziko la Spain lidakhazikitsa 30 m'misewu ing'onoing'ono ya m'matauni ake mu 2021. Anansi athu a ku Zambia nawo adaika lamulo la 30 pafupi ndi sukulu. Ku Oslo, likulu la Norway, kumene adachepetsa liwiro ndi kuchuluka kwa galimoto pakati pa mzinda, chaka chonse cha 2019 chidatha popanda woyenda pansi kapena wokwera njinga ngakhale mmodzi kufa pamsewu. Nambala ya 30 sadaitole pansi. Mwaona kale chifukwa chake: mamita 13 aja.

Pamene zonsezi sizinafike pamsewu wanu, pali zochepa zimene zili m'manja mwanu. Galimoto kuno zimayenda kumanzere, kotero imene ili pafupi nanu imachokera kudzanja lamanja: yambani kuyang'ana kumanja, kenako kumanzere, n'kubwerezanso kumanja. Mukatsika minibasi, idikireni ichoke kuti muone msewu wonse, ndiponso kuti madalaivala akuoneni. Mizere yoyera ija siimitsa galimoto, amaimitsa ndi dalaivala, choncho musaponde tala mpaka mutaona kuti matayala aimadi. Njinga yamoto imatha kutulukira pakati pa galimoto zoima, nthawi zina kuchokera mbali yolakwika. Ndipo mng'ono wanu wa Sitandade 1 mugwireni dzanja. Maso ndi ubongo wa mwana wamng'ono sizinakhwime mokwanira kuti ayeze liwiro la galimoto imene ikubwera. Iye amangoona kuti ili kutali.

Yezani nokha

Musangokhulupirira zimene ndanena zoti ambiri samvera. Mutha kupeza yankho la pamsewu wanu popanda kamera ya apolisi. Chofunika ndi chingwe cha mamita 10, foni yokhala ndi wotchi yowerenga masekondi, kansalu kowala, kope ndi pensulo. Chofunika koposa zonse ndi aphunzitsi kapena munthu wamkulu. Popanda iwo musayese.

Yambirani pabwalo la sukulu. Yalani chingwecho kakhumi kuti mupeze mamita 100. Mmodzi athamange, wina awerenge masekondi. Kenako tengani 360 mugawe ndi masekondiwo, yankho lake ndi makilomita pa ola. Amene watha masekondi 18, liwiro lake ndi 20. Amene wayenda bwinobwino n'kutha masekondi 72, liwiro lake ndi 5. Usain Bolt wa ku Jamaica adathamanga mamita 100 pa masekondi 9.58 mumzinda wa Berlin mu 2009, ndipo mpaka lero palibe amene adamuposa. Gawani 360 ndi 9.58, mupeza 37 ndi kanthu. Ndiye kuti galimoto imene ikumvera chikwangwani cha 50 ikumusiya m'mbuyo munthu waliwiro kwambiri padziko lonse. Amene amati "ndidutsa mothamanga isanafike" aziganizire zimenezi.

Mukazolowera, pitani ndi aphunzitsi pamalo oongoka a msewu, muime kutali ndi tala, kuseri kwa ngalande. Yezani mamita 100 m'mbali mwake, osati pamsewu penipeni, ndipo sankhani zizindikiro ziwiri zosasuntha, monga polo ya magetsi ndi ngodya ya mpanda. Mmodzi aime pa chizindikiro choyamba ndi kansalu kaja. Mphuno ya galimoto ikafika pamenepo, atsitse kansaluko. Wa foni, amene waima pa chizindikiro chachiwiri, ayambe kuwerenga, ndipo aimitse wotchiyo galimotoyo ikafika pa iye. Wachitatu alembe. Masekondi 12 ndi liwiro la 30. Masekondi 7.2 ndi 50. Masekondi 6 ndi 60. Masekondi 4.5 ndi 80. Ngati malire a pamalopo ndi 50, galimoto iliyonse imene yatha masekondi ochepera 7 yaphwanya lamulo.

Musakuwize madalaivala, musawaloze chala, ndipo manambala a galimoto zawo simukuwafuna. Mungolemba mtundu wake: minibasi, thiraki, kabaza, basi, galimoto yaing'ono. Yezani zokwana 50, kenako muwerenge kuti zomvera ndi zingati, zosamvera ndi zingati. Mwina mudzadabwa kupeza kuti amene mumawaganizira si amene akuthamanga kwambiri. Bwerezani tsiku lina nthawi yosiyana, chifukwa m'mawa msewu ukadzaza galimoto zimayenda pang'onopang'ono mosafuna, pamene masana kapena Lamulungu msewu ukakhala wopanda kanthu mpamene liwiro lenileni limaonekera. Ngati pali hampu pafupi, yezani pambali pake, kenako mukayezenso pamalo otalikirana ndi hampuyo mamita 300, muone kuti madalaivala amaiwala msanga bwanji.

Zimene mwapezazo muzilembe bwino papepala loyera n'kukapereka kwa ahedi. Iwo atha kupita nazo ku komiti ya sukulu, kwa amfumu ndi kwa khansala wa dera lanu. Misewu ya m'makwalala imayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre, pamene misewu ikuluikulu yolumikiza maboma ili m'manja mwa Roads Authority, ndipo amenewa ndi amene angaike hampu, kupaka mizere yowolokera kapena kubwezeretsa chikwangwani chimene chidazulidwa. Makolo akangoti "galimoto zimathamanga pano", a kuofesi amayankha kuti tamva. Koma pepala lonena kuti mwa galimoto 50 zimene tidayeza, zakutizakuti zidapyola malire, ndipo yothamanga kwambiri idali pa liwiro lakuti, limavuta kuliponya m'dirowa. Pamwamba pa pepalalo musaiwale kulemba tsiku, ola ndi malo enieni amene mudaima, chifukwa injiniya akadzabwera kudzaona, adzayamba wafunsa zimenezo.